Chala Chinabiriwira

M'kachitini ka mabisiketi momwe mayi akunyumba amasungamo mabatani, singano ndi ulusi muli mphete ina yothimbirira, yoti mwana ataitola panjira akhoza kungoiponya kutchire. Ndinaigula ndine, zaka zoposa makumi atatu zapitazo, kwa mnyamata wina amene ankayala mawotchi ndi zipeso pakhonde la sitolo ku Limbe. Tsiku limenelo inkanyezimira moti maso ankachita kuthobwa. Ndinaikulunga m'kapepala kofewa, n'kukwera basi kupita kwawo kwa mtsikana amene ndinkamufuna, ndipo pomuveka ndinanena mawu amene mpaka lero amandigwetsa nkhope: "Ameneyu ndi golide weniweni, wochokera ku Joni."

Panatha masabata atatu. Anachapa nayo, anatsuka nayo mbale, anakanda nayo ufa wa mandasi. Nditapita kukamuona, anangotambasula dzanja pamaso panga osanena kanthu. Pamene panakhala mphete panali mzere wobiriwira wozungulira chala chonse. Kenako anafunsa mofatsa, "Kodi inu, golide wa ku Joni amamera ndere?"

Sikuti anakwiya chifukwa mpheteyo inali ya mkuwa. Malipiro a mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito ankawadziwa bwino, pakuti bambo ake analinso mphunzitsi. Chimene chinamuwawa n'chakuti ndinamuyesa mwana. Anandikhululukira, ukwati unachitika, ana anabadwa, koma mpheteyo sanaitaye. Amati ndi mboni.

Mboni imeneyi ndinaikumbukira miyezi ingapo yapitayo pamene mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anandiimbira pa WhatsApp kuchokera ku Johannesburg komwe amawotcherera zitsulo. Anali atapeza mbeta, mtsikana wa ku Dedza amene amaluka tsitsi pa saluni ina mumzinda womwewo, ndipo ankapempha kuti ndidzakhale nkhoswe yake. Tinakambirana za tsiku lokaonekera kwa makolo, za nkhuku, za zitenje. Chakumapeto mawu ake anatsika.

"Amalume, pali nkhani ya mphete. Anzanga kuno akuti ya chitomero imayenera kukhala ya dayamondi, ndipo imayenera kudya malipiro a miyezi itatu. Ndapeza sitolo yolola kulipira pang'onopang'ono."

"Miyezi itatu wosadya, wosalipira lendi, wosatumiza kanthu kwa mayi ako?"

"Akuti ndiye mwambo wake."

Mawu akuti mwambo anandikhala pamtima usiku wonse. Ife tikati mwambo timanena chinthu chimene agogo anachipeza kwa agogo awo, chopanda mwini wake wodziwika. Koma mwambo wa mphete ya dayamondi uli ndi eni ake, uli ndi chaka chimene unabadwa, ndipo amene anaulera ankalandira malipiro kumapeto kwa mwezi.

Kale dayamondi ankachokera ku India, kenako ku Brazil, ndipo anali wosowadi. Ankavala ndi mafumu. Mbiri imakumbukira kuti mu 1477 Maximilian wa ku Austria anatomera Mary wa ku Burgundy ndi mphete ya dayamondi, ndipo ikuikumbukira chifukwa zinali zachilendo. Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1867, pamene mnyamata wina, Erasmus Jacobs, anatola kamwala kowala pafupi ndi mtsinje wa Orange ku South Africa, ana n'kumaseweretsa ngati mwala wamba. Pofika 1871 anthu miyandamiyanda anali atakhamukira pamalo amene lero ndi Kimberley, kukumba phiri mpaka linasanduka chidzenje chimene alendo amakachiona mpaka pano. Mwala wa mafumu unayamba kutuluka m'zidebe.

Aliyense amene anagulitsapo tomato amadziwa chimene chimachitika madengu akachuluka pamsika. Cecil Rhodes ankadziwanso. Iye ndi yemwe uja dzina lake linamatidwa pa Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, mayiko amene anatimangirira nawo m'chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963. Anagula migodi ya anzake umodzi umodzi, ndipo mu 1888 anakhazikitsa kampani ya De Beers. Posakhalitsa, pa madayamondi khumi alionse okumbidwa padziko, pafupifupi asanu ndi anayi ankadutsa m'manja mwa kampaniyi. Nzeru yake inali ya mavenda osunga chimanga m'nyumba kudikira February: tulutsa pang'ono, ena bisa, mtengo usagwe. Kwa zaka zambiri ogula akuluakulu ankaitanidwa ku London, aliyense n'kupatsidwa bokosi lake ndi mtengo wake, popanda kunenerera. Ukakana, ulendo wina sakuitananso.

Kusunga katundu kokha sikukwanira ngati ogula alibe naye njala. M'zaka za m'ma 1930 chuma chinagwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo anthu anasiya kugula zonyezimira. Mu 1938 Harry Oppenheimer, mwana wa mkulu wa De Beers, anapita ku America kukagwirizana ndi kampani yotsatsa malonda ya N. W. Ayer. Anthu amenewa sanayambe ndi kutsatsa mwala. Anayamba ndi kuphunzitsa anyamata kuti kukula kwa chikondi kumaoneka ndi kukula kwa mwala, ndiponso kuphunzitsa atsikana kuti chitomero chopanda dayamondi n'choperewera. Anaveka akatswiri a mafilimu, analembera nyuzipepala nkhani za mphete za anthu otchuka, anatumiza anthu kukayankhula ndi atsikana m'masukulu a sekondale. Mu 1947 mayi wina wolemba mawu otsatsa malonda, Frances Gerety, analemba kachiganizo kakafupi konena kuti dayamondi ndi wamuyaya. Kachiganizoko kanagwira ntchito ziwiri. Kanamangirira mwalawo ku lumbiro la ukwati, komanso kanauza anthu mwakachetechete kuti chinthu chamuyaya sachigulitsanso. Mamiliyoni a mphete zimene zili m'zala ndi m'madirowa zikanabwerera pamsika, mtengo ukanagwa tsiku lomwelo.

Za malipiro zija zinachokeranso komweko. Poyamba otsatsa ankati mwezi umodzi. Pofika m'ma 1980 ku America anakweza kufika pa miyezi iwiri. Ku Japan, dziko limene linali ndi miyambo yakeyake ya ukwati, anati itatu. Kumeneko mu 1967 atsikana otomeredwa amene ankalandira dayamondi sankakwana asanu pa 100 alionse, koma pofika 1981 anali pafupifupi 60. M'zaka khumi ndi zinayi zokha, chinthu chimene agogo awo sanachimvepo chinasanduka mwambo. Choncho lamulo limene linkamusowetsa tulo mphwanga m'kachipinda kake ka lendi silinachokere kwa makolo a aliyense. Linalembedwa mu ofesi ndi anthu ogulitsa, ndipo iye anatengera la ku Japan, lokwera kuposa onse.

Zinangochitika kuti ndinali kale ndi ulendo wa ku Joni wokaona mwana wanga wamkazi. Ndinakwera basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, msana uli gwa, ndipo Loweruka lina ine ndi mphwanga tinalowa m'sitolo ya mphete ija. Chinthu choyamba chimene ndinaona ndi magetsi. Kudenga kunali timababu tambirimbiri tating'ono toyera, tolozetsedwa pa magalasi, moti ngakhale chibenthu cha botolo chikanawala ngati nyenyezi. Mayi wogulitsa, waulemu wake, anayala kansalu kakuda n'kuikapo mphete imene mphwanga anaisankha kale. Anatifotokozera zinthu zinayi zimene zimapanga mtengo: kulemera kwa mwala, kasemedwe kake, mtundu wake ndi kuyera kwa m'kati mwake. Kulemerako amayeza ndi karati, ndipo karati imodzi ndi magalamu 0.2 okha, kulemera kosafika pa njere imodzi ya chimanga yokhwima bwino. Anandipatsa kagalasi kokuzira zinthu kuti ndisuzumire. Ndinaonadi timizere ta kuwala tikuthamangitsana m'kati, zokongola zedi, ndipo sindinganame kuti mtima sunagunde.

Ndinapempha kuti atiikire pambali pake mwala wina wofanana kukula koma wopangidwa mu labotale. Anauika. Ndinasuzumira uku, ndinasuzumira uku. Mphwanga, amene maso ake amaona mng'alu pa chitsulo ali chapatali, anasuzumiranso. Mayiyo anaseka n'kunena kuti ngakhale iye sangasiyanitse popanda makina. Kenako ndinafunsa funso limene ndinanyamula kuchokera kumudzi.

"Mayi, tikagula yokumbayi lero, mwezi wamawa zinthu n'kutivuta, tikabwera nayo mudzatipatsa zingati?"

Anayankha mosazungulira kuti sitolo yawo siigulanso mphete, koma ikhoza kutisinthira ndi ina yodula kuposa pamenepo. Ndalama m'manja ayi. Anati zikatero anthu amapita kwa opinyolitsa katundu.

Apa ndi pamene pali chinsinsi chimene ogula ambiri amachizindikira mochedwa. Mtengo wa pa galasi wanyamula phindu la wokumba, wosema, wopikulitsa, mwini sitolo, lendi ya sitoloyo ndi timababu tija. Ukangotuluka pakhomo zonsezo zimatsalira m'katimo. Wogula mphete yakale amawerengera mtengo wopikulira, n'kuchotsaponso phindu lake, ndipo kawirikawiri chimene amakupatsa sichifika ngakhale theka. Mtolankhani wina wa ku America, Edward Jay Epstein, analemba zimenezi mu 1982 m'magazini ya The Atlantic, ndipo mpaka lero sizinasinthe. M'Chichewa muli mawu amodzi amene amandiseketsa pankhaniyi. Mphatso imene mnyamata amapereka kwa mtsikana potomera timaitcha chikole, ndipo katundu amene umasiya kwa wokongoza ndalama timamutchanso chikole. Mphete ya dayamondi ndi chikole chodula kwa mtsikana, koma ukapita nayo kwa wakatapila ndi chikole chopepuka. Ng'ombe imaswa, puloti imakwera mtengo, makina owotcherera amabweretsa ndalama tsiku lililonse. Dayamondi wa pa chala amangowala.

Komabe ndisakhale ngati nkhandwe yonyoza mphesa chifukwa chotalikira. Dayamondi ali ndi ulemu wake weniweni. Anapangika pansi pa nthaka, pa mtunda wa makilomita oposa 150, zaka zoposa biliyoni imodzi zapitazo, ndipo palibe mwala wachilengedwe womuposa kulimba. Pa muyeso wa Mohs, umene umayeza kuti mwala uti ungakande unzake, iye ali pa 10, pamwamba penipeni. Mchenga ndi fumbi zimene zimathimbiritsa galasi sizimukanda, n'chifukwa chake mphete ya agogo imatha kufika kwa mdzukulu ikuwalabe. Kulimbako sikutanthauza kuti sangasweke: ukamumenyetsa pakona yolakwika amabenthuka. Amakondanso mafuta modabwitsa, moti m'migodi ankamusiyanitsa ndi miyala ina pomudutsitsa pa matebulo opakidwa girisi, iye n'kumamatirira, inayo n'kumapita ndi madzi. Ndiye pa chala cha mayi wodzola, wokazinga, woluka tsitsi la anthu, sachedwa kuchita chifunga mpaka atatsukidwa ndi sopo ndi kamswachi.

Palinso dziko limene mwala umenewu unalitukula. Botswana inalandira ufulu mu 1966 ili m'gulu la mayiko osaukitsitsa. Chaka chotsatira dayamondi anapezeka ku Orapa, mu 1982 mgodi wa Jwaneng unatsegulidwa, ndipo boma linagawana pakati ndi pakati ndi De Beers m'kampani ya Debswana. Ndalama zake zinamanga misewu, zipatala ndi masukulu. Lero pamene anthu akuthamangira miyala ya mu labotale, amene akumva kuwawa ndi anthu a ku Botswana, anansi athu, osati olemera a ku London okha. Munthu wogula dayamondi wokumba chifukwa choganizira zimenezi sindingamutche wopusa.

Koma mbiri yomweyo ili ndi mbali ina imene timababu ta m'sitolo sitiiwalitsa. Ku Kimberley ndi kumene kunakhwimira makomponi otsekera, momwe anthu akuda ankakhala miyezi osatuluka, ndipo pomaliza kontalakiti ankawasecha thupi lonse kuopa kuti ameza mwala. Dongosolo la makomponi linafalikira ku migodi ya golide, komwe agogo anga aamuna anapita ndi Wenela. Anakumba golide zaka zambiri, anabwerako ndi bokosi lachitsulo, chipewa, jekete ndi chifuwa chosatha, koma kachidutswa ka golide sanakagwirepo kukhala kawo. Agogo aakazi anatomeredwa ndi mpango ndi mikanda. M'zaka za m'ma 1990 dayamondi anagula mfuti ku Angola ndi ku Sierra Leone, komwe zigawenga zinkadula anthu manja. Mu 2003 mayiko anakhazikitsa ndondomeko ya Kimberley Process yoletsa malonda a miyala yotere, koma ndondomekoyi imayang'ana miyala yolipirira zigawenga zoukira boma, osati nkhanza za boma lenilenilo. Ku Marange, m'dziko la Zimbabwe, asilikali anathamangitsa okumba mu 2008, ndipo bungwe la Human Rights Watch linanena kuti anthu oposa 200 anaphedwa. Mu 2016 Robert Mugabe mwini wake anadandaula poyera kuti ndalama pafupifupi madola 15 biliyoni za miyala ya kumeneko sizinaoneke. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Titatuluka m'sitolo muja tinakhala pa benchi n'kugula tiyi. Mphwanga anali chete. Kenako anati, "Ndiye nditani amalume? Ndimugulire ya pamsika ngati ija munagula inu?" Nkhani ya chala chobiriwira aliyense m'banja mwathu amaidziwa, mayi akunyumba anaonetsetsa kuti isafe.

Ndinamuuza kuti pakati pa ngongole ya chaka chonse ndi mkuwa wa pakhonde pali njira zambiri. Yoyamba ndi mwala uja tinalephera kuusiyanitsa. Dayamondi wa mu labotale si wonamizira ayi. Ndi kaboni yemweyo, kulimba komweko, kuwala komweko, kungoti wakula m'makina kwa masabata m'malo mokula pansi kwa zaka mabiliyoni. Kampani ya General Electric inayamba kumupanga mu 1954, ngakhale kuti panapita zaka zambiri asanafike pokongola moti n'kuikidwa pa mphete. Mu 2018 De Beers yomwe inayamba kugulitsa wake pa dzina la Lightbox, pa mtengo wa madola 800 pa karati, ndipo mitengo inapitirira kugwa mpaka mu 2025 kampaniyo inalengeza kuti ikutseka malondawo. Phunziro lake ndi lapawiri: wogula lero amalipira zochepa kwambiri, koma asayembekeze kudzagulitsa. Ndi mwala wovala, osati wosunga.

Yachiwiri ndi moissanite, mwala umene unatenga dzina la Henri Moissan, wasayansi wa ku France amene mu 1893 anapeza tizidutswa take m'chidzenje chimene mwala wogwa kuchokera kumwamba unakumba ku Arizona. Wa m'masitolo yense ndi wopangidwa ndi anthu. Pa muyeso uja amaposa pang'ono 9, choncho amapirira ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo padzuwa amamwaza mitundu ya utawaleza kuposa dayamondi, zimene ena amazikonda pomwe ena amati zanyanya. Pansi pake pali cubic zirconia, wotchipa kwambiri, wokongola akadali watsopano koma wofewerapo, moti pakapita zaka zochepa amakandika n'kuchita mbuu.

Ndipo ndani analamula kuti mwala ukhale woyera? Mphete ya chitomero yotchuka kwambiri ku Britain, imene Diana wa banja lachifumu anavala mu 1981 ndipo mwana wake William anaipereka kwa Catherine mu 2010, pakati pake pali safiro wabuluu. Pa muyeso wa Mohs safiro ndi rube ali pa 9, olimba mokwanira moyo wonse. Miyala imeneyi ili pakhomo pathu. Pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pamatuluka rube ndi safiro, ku Mzimba kuli aquamarine, ku Lufwanyama m'dziko la Zambia kuli emarodi, ndipo ku Montepuez m'dziko la Mozambique kuli rube wodziwika padziko lonse. Timaigulitsa yosasema kwa alendo pa mtengo wa bonya, kenako n'kukatenga ngongole kuti tigule mwala wa eni ake. Abwino kwambiri mwa miyala imeneyi ndi odula, nthawi zina kuposa dayamondi, koma ang'onoang'ono munthu wamba angawakwanitse ngati wapeza wosema wokhulupirika.

Pomaliza pali mphete yopanda mwala, yagolide kapena yasiliva. Imeneyi siikola ulusi, siing'amba magolovesi a namwino, ndipo golide ali ndi khalidwe limene dayamondi alibe: amayezedwa pa sikelo n'kugulidwa pa kulemera kwake kulikonse. M'kati mwa mphete yeniyeni mumakhala kachidindo kakang'ono. Pa golide karati imayeza kuyera kwake, osati kulemera: nambala 375 imatanthauza golide wa makarati 9, 750 ndi wa makarati 18, ndipo 925 ndi siliva. Chidindo chikhoza kunamizidwa, choncho risiti ndi sitolo yodziwika n'zofunikabe, koma ndikanadziwa manambala atatuwa ku Limbe kuja, ndikanasuzumira m'kati ndisanatulutse ndalama. Safunsa anadya phula. Ngakhale wofunitsitsa dayamondi wokumba ali ndi podulira: mphete yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena mwala wochepera pang'ono pa karati yathunthu, pakuti mtengo umadumpha pa nambala yozungulira pomwe diso silioneratu kusiyana.

Mphwanga anamvetsera zonsezi, kenako ananena chimene chinali pansi pa mtima wake. "Ndikagula moissanite, sangadziwe. Ngakhale anzake sangadziwe."

Tiyi anandiwawa m'kamwa. Ndinadziona ndekha ndili m'basi ija, kapepala kofewa m'thumba. Ndinazindikira kuti njira ziwiri zimene mnyamatayu ankasinkhasinkha, ngakhale zinkaoneka zosiyana, zinali ndi nthenda imodzi. Akanagula dayamondi pa ngongole, akanabisa ngongoleyo, n'kudzionetsa wolemera kuposa mmene alili. Akanagula wotchipa mwakabisira, akanabisa dzina la mwala. Konsekonse chikole chikanalowa m'banja chitanyamula bodza. Ndipo bodza la pa chala ndi loipa chifukwa mkazi amalivala tsiku lililonse, amalionetsa kwa anzake monyadira, mpaka tsiku limene wina adzamuuze zoona pagulu.

"Wamufunsa mwini chala?" ndinatero.

"Amati zimafunika kumudzidzimutsa."

"Amatero ndani? Omwe aja a miyezi itatu?"

Kugwada ndi bondo limodzi pamalo odyera, kabokosi m'manja, mnzako akujambula kuti zikaikidwe pa Facebook, n'zokoma kuonera, ndipo sindiletsa ana athu kusangalala. Koma kwathu ukwati sunayambe wakhala chinthu chodzidzimutsa. Mnyamata amauza malume ake, malume amakagogoda kwa malume a mtsikana, mawu amayenda, anthu amafunsana. Ngati tikhoza kukambirana za nkhuku, tingalephere bwanji kukambirana za chinthu chodya malipiro a miyezi itatu?

Lamulungu lake tinakadya nsima kwa mtsikanayo. Anatilandira mwaulemu, anagwada potipatsa madzi osamba m'manja, ndipo titatha kudya mphwanga anayala nkhani yonse, mitengo ndi mayina a miyala, thukuta lili kamukamu. Ine ndinkayembekeza kuti anena zimene atsikana a m'nkhani zophunzitsa amanena, zoti mphete ilibe ntchito bola chikondi. Sanatero.

"Amalume, ine sindinama, ndimafuna yowala," anatero. "Tsiku lonse manja anga amakhala m'mitu ya anthu, ndipo makasitomala amayang'ana chala. Ndikufuna aone kuti ndili ndi mwini. Koma ngati kuwalako n'kwa ngongole, adzabweze ndani? Si ine ndemwe, ndi ndiwo zopanda mafuta chaka chonse? Tigule inayo, yotsalayo tiyambire maziko ku Dedza."

Ndinamulemekeza chifukwa cha mbali zonse ziwiri za yankholo. Kufuna chokongola si tchimo. Agogo aja ankanyadira mikanda yawo, ndipo munthu wogwira ntchito ndi manja ali ndi ufulu wofuna kuti manjawo akongole. Anasankha yekha moissanite pa golide wa makarati 9. Pobwerera anaseka n'kunena kuti makasitomala akamufunsa adzawauza kuti ndi mwala wochokera ku nyenyezi. Ndinati, "Mayi, musayambe. Nkhani ya golide wa ku Joni inayamba choncho."

Ndiye kodi mphete ya dayamondi ndi yoyenera kugula? Kwa munthu amene angalipire lero osakongola, amene akudziwa kuti ndalamayo sidzabwerera, ndipo iye ndi mnzakeyo akuufunadi mwala wakalekale wochokera pansi pa dziko, agule ndipo asangalale nayo, monga mmene ena amagulira suti yodula. Koma amene akugula chifukwa choopa kusekedwa, kapena chifukwa wamva kuti ndi chuma chosungika, kapena chifukwa akuti ndi mwambo, akulipira msonkho kwa anthu otsatsa malonda amene anamwalira kalekale. Ndalama yathu yomweyi, imene mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, si yoti munthu azikongolera mwala wogulidwa ndi madola.

Chinkhoswe chinachitikira ku Dedza, kunja kukuzizira monga mwa nthawi zonse. Anabweretsa atsikana ofundidwa zitenje kumutu kuti tisankhe wathu, ndipo tinataya ndalama zingapo pobweza olakwika, anthu akufa ndi phwete. Ife akuchimuna tinapereka tambala, akuchikazi anatipatsa msoti. Mphwanga analandira nkhwangwa, khasu ndi chikwanje. Mkazi wake analandira lichero, mthiko ndi miphika. Ine ndi nkhoswe ya kuchikazi tinagawana nkhuku yowotcha pamaso pa anthu onse, kusonyeza kuti kuyambira tsikulo mlandu wa ana awa ndi wathu. Kuvekana mphete kunatenga mphindi ziwiri zokha. Ndinaganiza mumtima kuti tsiku limene awiriwa adzayambane pakati pa usiku, palibe amene adzaimbire foni mphete. Adzaimbira ine.

Madzulo, anthu atayamba kubalalika, ndinaona mayi akunyumba atamukokera mkwatibwi pambali. Anagwira dzanja lake, analitembenuzira ku dzuwa lolowa, mwala uja n'kumwaza timitundu take pa chitenje. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiponyera diso ine.

"Anakuuzani kuti ndi mwala wanji?" anafunsa.

Mtsikanayo anatchula dzina lake, sitolo imene anagula, ndi mtengo wake mpaka kusenti.

Mayi akunyumba anagwedeza mutu n'kumusiya dzanja. "Basi mwanawe, valani," anatero. "Imeneyi simera ndere."